Nkhono imodzi ikwanira

Ku Nguludi kulibe nyanja. Munthu akaima pa mishoni n'kumwaza maso amaona phiri la Malabvi, minda ya chimanga ndi nandolo, madambo, ndi timitsinje tomwe timatsala pang'ono kuphwa mu Okutobala. Choncho wina akamva zoti akatswiri akulondola tizilombo ta m'madzi tomwe tikuwoloka nyanja zamchere n'kukakhazikika m'magombe a eni, angathe kunena kuti zimenezo n'za anthu a ku Beira ndi ku Durban. Ine ndikuti nkhaniyi ndi yathu. Inafika kale ku Mangochi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo njira zoti ifikire kuno n'zomwe timaziona tsiku ndi tsiku: chidebe cha mbewu ya nsomba, ukonde wobwereka, mtolo wa udzu wa ng'ombe womwetedwa m'dambo.

Nyanja ya Malawi ili ndi nkhono zakezake, zina zomwe sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mwa izo muli gulu la nkhono zazitali, zosongoka kunsonga, zomwe akatswiri amazitcha Melanoides. Zimakhala mumchenga, ndipo amene anasambako ku Cape Maclear anazipondapo ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Martin Genner ndi anzake ankafufuza nkhonozi ndipo anaona kuti pakati pawo pachuluka ina ya chigoba chosiyana ndi zinzake. Dzina lake silinali lachilendo, Melanoides tuberculata, mtundu womwe wakhala mu Africa kuyambira kalekale. Chovuta chinali chakuti nkhono imeneyi imasinthasintha maonekedwe malinga ndi dera. Ya m'nyanja iyi siifanana ndendende ndi ya mu mtsinje uwo. Woyang'ana chigoba chokha akanangoti ndi yakonkuno, yangosamuka kuchokera ku mtsinje wina wa mu Africa momwemu. Atapima DNA yake, yankho linatuluka lina: abale ake enieni anali kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2004 m'magazini ya sayansi ya Molecular Ecology, ndipo olembawo anati, monga mwa kudziwa kwawo, aka kanali koyamba kuti nyama yachilendo ilowerere m'Nyanja ya Malawi n'kukhazikikamo.

Kupima kumeneku n'koyenera kukumvetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. M'thupi la chamoyo chilichonse muli DNA, yomwe imanyamula malangizo a chibadwa chake. Mbali ina ya DNA imeneyi mwana amaitenga kwa mayi yekha, bambo salowererapo. Ife a m'Chiradzulu sitingavutike nazo kumva, pakuti ndi mmene timawerengera mbumba: uyu ndi wa kwa gogo uje, kudzera mwa mayi ake ndi mayi a mayi akewo. Pakapita mibadwo yambiri DNA imasintha pang'onopang'ono, kotero kuti mbumba zomwe zinasiyana kalekale zimakhala ndi zizindikiro zosiyana. Katswiri amadula kanyama kochepa ka nkhono, n'kuwerenga kachigawo kamodzi ka DNA, kenaka n'kukayerekeza ndi zomwe anzake a m'maiko ena anawerenga kale n'kuzisunga pa kompyuta poti aliyense atha kuziona. Akatero amadziwa kumene nkhonoyo inachokera. Amathanso kudziwa ngati zinabwera zambiri kapena zochepa. Nkhono za gombe lonse zikapezeka kuti n'zofanana kwambiri m'chibadwa, ndiye kuti zinachokera kwa makolo owerengeka, mwinanso kholo limodzi. Zikapezeka za mbumba zingapo, ndiye kuti khomo linatseguka kangapo. Mu 2015 Bert Van Bocxlaer ndi anzake anasonyeza kuti ndi mmene zinakhalira ndi nkhono ya ku Asia ija: inalowa mu Africa maulendo angapo, m'malo osiyanasiyana, kuphatikizapo chigwa cha mtsinje wa Congo.

Nkhono imeneyi siifuna yaimuna kuti ibereke. Yaikazi imodzi imabala ana amoyo, osati mazira, ndipo anawo amakhala ofanana nayo m'chibadwa, nawonso n'kubala okha. Ili ndi kachitseko kotsekera pakamwa pa chigoba, kamene kamaithandiza kupirira ikakhala kunja kwa madzi kwa kanthawi. Genner ndi anzake anapezanso kuti nyongolotsi ina ya m'nyanjamo, yomwe imalowa mu nkhono zakwathu n'kuzisandutsa zosabereka, siinkaigwira mlendoyu. Eni nyanja akudwala, iye akungoswana. Nkhonoyi siifalitsa likodzo, ndipo sindikufuna kuisenzetsa mlandu womwe si wake. Koma inatiphunzitsa kuti chamoyo chingachokere kutsidya la nyanja zamchere, n'kudzaza gombe lathu, anthu n'kumachiponda osadziwa kuti n'chachilendo.

Ku South Africa zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo abale athu okhala ku Cape Town umboni wake amauona akapita kunyanja. Miyala ya m'mphepete mwa nyanja kumeneko yakutidwa ndi nkhono zakuda za zigoba ziwiri zomatirira pamwala. Zambiri mwa izo si za kumeneko. Ndi Mytilus galloprovincialis, ya ku nyanja ya Mediterranean, yomwe inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Sitima zapamadzi ndizo zimanyamula zamoyo zotere, zina zitamatirira kunsi kwa sitima, zina zili m'madzi omwe sitima imamwa padoko lina kuti isapendame n'kukawakhuthula padoko lina. Pamiyalapo panali kale nkhono zakuda za eni dziko, ndiye yachilendoyi inakhala zaka zingapo osazindikirika, mpaka akatswiri awiri, Grant ndi Cherry, atapima za chibadwa chake n'kulengeza mu 1985. Pofika nthawiyo mpata woiletsa unali utapita. Ana ake amayandama m'madzi kwa masabata angapo asanamatirire pamwala, ndipo mphepo ndi mafunde zinawatenga kumka nawo kumpoto mpaka ku Namibia, kwinanso kulowera chakum'mawa cha ku East London. Lero ili pa gombe lotalika makilomita pafupifupi 2,000. Zoona, anthu akuiweta ku Saldanha Bay n'kumagulitsa, ndipo mbalame zina za m'gombe zapeza chakudya. Koma nkhono za eni dziko zinalandidwa malo pamiyala yambiri ya gombe la kumadzulo, ndipo palibe amene akulota zoti adzaichotsa.

Tibwerere ku Mangochi, kumene nkhani ya nkhono inasanduka nkhani ya ana asukulu.

Likodzo lomwe ambiri timalidziwa ndi lija mwana amakodza magazi. Nyongolotsi zake zimadutsira mu nkhono zotchedwa Bulinus. Mazira amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, amaswa akafika m'madzi, tianato timalowa mu nkhono n'kuchulukana momwemo, kenaka timatuluka miyandamiyanda n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kuwedza. Popanda nkhono yoyenera unyolo umenewu umaduka. Koma pali likodzo lina, la m'matumbo, lomwe mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Ili ndi lobisika. Mwana amangomva m'mimba, nthawi zina kutsegula kwa magazi, kufooka, kusakula bwino. Zaka zikapita mazira aja amaunjikana m'chiwindi n'kuchiumitsa, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo ena amafika posanza magazi. Likodzo limeneli limafuna nkhono ina, Biomphalaria, yaphwatalala, yozungulira, yaing'ono. Kwa zaka zambiri ofufuza ankayenda m'magombe a ku Mangochi osaipeza, ndipo derali linkadziwika ndi likodzo la mkodzo lokha.

Mu Novembala 2017 gulu la akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, m'gululo muli Russell Stothard, Sekeleghe Kayuni ndi Peter Makaula, linapeza Biomphalaria pfeifferi m'nyanja ku Mangochi. DNA inatsimikizira kuti ndi yomweyo. Chaka chotsatira anapima ana 175 a m'sukulu zitatu za pulayimale, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anaonetsa chizindikiro cha likodzo la m'matumbo. Atapitiriza kutola nkhonozi m'gombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, anapeza kuti n'zofanana kwambiri m'chibadwa, monga zimakhalira nkhono zochokera kwa makolo owerengeka. Nkhono imeneyi ili ndi ziwalo zonse ziwiri, yaimuna ndi yaikazi m'thupi limodzi, ndipo imadzipatsa yokha mazira. Imodzi yokha itakodwa mu udzu wa m'madzi kapena m'makwinya a ukonde ingathe kuyambitsa mudzi wonse wa nkhono kumene yagwera. Izi zimandiwawa mtima ndikaziganizira. Makolo a ana aja sanalakwe kanthu. Ana ankasamba pomwe ankasamba agogo awo, madzi ake omwewo, mchenga wake womwewo. Chomwe chinasintha n'kanthu kosaposa chikhadabo, kobisala mu udzu.

Nyanjayo inali itafooka kale pa chitetezo chake. Jay Stauffer ndi Henry Madsen, omwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Cape Maclear, anasonyeza kuti nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'mphepete, nkhono za likodzo zinachuluka pamchenga. Kumene adani a nkhono atha, yobwera siivutika kupeza malo.

Tsopano nkhani ifike pakhomo, pa khola la ng'ombe. Chiradzulu ndi boma la mkaka. M'mawa uliwonse njinga zonyamula zigubu zimalunjika kumalo osonkhanitsira mkaka, ndipo mabanja ambiri fizi ya ana ndi feteleza amazipeza mwa ng'ombe imodzi kapena ziwiri za m'khola. Ng'ombe zimenezi sizipita kubusa, udzu umazipeza pomwepo. M'chilimwe nsenjere za kumunda zikatha, mwini ng'ombe amatsikira kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, komwe kwatsala udzu wobiriwira. Pamenepo ndi pomwe pamadikira nyongolotsi za m'chiwindi. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, amadutsira mu nkhono ya m'madzi, ndipo tiana take tikatuluka mu nkhonomo timamatirira pa udzu n'kudzikuta ndi kachikopa kolimba, kudikira kudyedwa. Ng'ombe ikadya imayamba kuonda ngakhale ikudya bwino, mkaka umatsika, pansi pa chibwano pamatupa, ndipo ikaphedwa woyeza nyama amataya chiwindi chonse. Matendawa alipo kale m'dziko muno, ndipo nkhono yakwathu yowanyamula ndi Radix natalensis.

Mu 2024 akatswiri a kafukufuku wa likodzo wotchedwa HUGS, yemwe ankayendetsedwa ndi sukulu ya ku Liverpool ija pamodzi ndi Malawi-Liverpool-Wellcome ya ku Blantyre, analengeza kuti apeza nkhono ina yonyamula nyongolotsi za m'chiwindi, Pseudosuccinea columella, kwa nthawi yoyamba m'Malawi. Kwawo ndi ku America. Ku South Africa inafika zaka za m'ma 1940, ndipo ku nyanja ya Kariba ofufuza anaipeza yochuluka pa namasupuni, udzu womwe nawonso ndi wobwera ndipo a ku Liwonde ndi ku Nkula akuudziwa bwino. Poiona imafanana kwambiri ndi yakwathu ija, moti panafunikanso DNA kuti atsimikize. Imadzipatsa yokha mazira, ndipo imatha kukhala pamatope onyowa m'mbali mwa madzi, pomwe pamamera udzu umene timamweta. Anaipeza ku Mangochi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Wina asapume poona kuti Chiradzulu palibe pa maina amenewa. Maboma atatuwo ndi omwe ofufuzawo ankagwirako ntchito. Anaipeza kumene anayang'ana.

Nkhono payokha siingakwere kuchoka ku Chikwawa kudzafika ku Nguludi. Imachita kunyamulidwa. Munthu wakumba damu la nsomba, zomwe n'zabwino ndipo alangizi amalimbikitsa. M'malo mokagula mbewu kumalo odziwika, wamva kuti mlamu wake ku Liwonde angamupezere ana a makumba motchipa. Abwera nawo pa minibasi m'chidebe, muli madzi a komweko ndi timaudzu toikamo dala kuti nsomba zisatenthedwe ndi dzuwa. Pofika akhuthulira zonse m'damu. Mazira a nkhono za likodzo amakhala m'kanthu koterera, koonekera mkati, komatirira kunsi kwa tsamba, ndipo ngakhale munthu wa maso akuthwa sangakaone mwachangu. Pakutha miyezi ingapo damu ladzaza nkhono. Ana a m'mudzi amabwera kudzasambira masana, mayi amatungamo madzi othirira dimba, ng'ombe imamwetedwera udzu m'mbali mwake. Patsala chinthu chimodzi chokha, munthu wodwala likodzo la m'matumbo amene wadzithandiza patchire pafupi ndi madzi, mvula n'kukokolola. Ndipo damu silisunga zake lokha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anationetsa m'Chiradzulu momwemuno mmene madzi amalumikizira damu, dimba ndi mtsinje kukhala chinthu chimodzi. Zomwe zinali m'damu la munthu mmodzi zimakagona m'madambo a midzi ya kumunsi.

Zikalowa, kuzichotsa n'kovuta kwabasi. Mankhwala ophera nkhono, niclosamide, amaphanso nsomba ndi achule, ndipo ndi odula. Zikapulumuka ziwiri zitatu m'matope, pofika dzinja lotsatira zabwereranso.

Pali chiyeso china chomwe ndikuopa kuti chidzafika ndi nkhope ya bizinesi. Ku Zambia anthu ena anaitanitsa crayfish ya ku Australia, kanyama kokhala ngati nkhanu koma kotalika, ka zopanira zofiira, kuti aziweta n'kumagulitsa ku mahotela. Dzina lake ndi Cherax quadricarinatus. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inali itapezeka mu mtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Kariba, ndipo kenaka inafika ku chigwa cha Barotse kumtunda kwa Zambezi. Asodzi a ku Kafue akavuula ukonde m'mawa amapeza nsomba zitadyedwa mbali imodzi, zosagulitsika, ukonde utang'ambika pochotsa tizilomboto. Crayfish imatha kutuluka m'damu n'kuyenda pamtunda ponyowa, choncho mpanda wa damu siuiletsa. Shire amathira mu Zambezi yemweyo. Tsiku lina wina adzabwera nazo m'kabokosi kuchokera ku Lusaka kapena ku Siavonga, n'kukuuzani kuti zimakula msanga ndipo azungu amazilipira bwino. Pa mawu awiriwo sadzakhala akunama. Mukaneni. Lamulo la za usodzi la 1997 sililola kulowetsa m'madzi athu zamoyo zachilendo popanda chilolezo, ndipo si lamulo longovutitsa alimi. Dziko lino linasiya dala kuweta nsomba ya carp, yomwe inkakula bwino m'madamu, pofuna kuteteza nsomba za m'Nyanja ya Malawi.

Sindikuti tileke kuweta nsomba. Ana athu akufunika ndiwo, ndipo makumba ndi chilunguni za m'damu zathandiza mabanja ambiri. Ndikuti mbewu ichokere kumalo odziwika, monga ku likulu la ulimi wa nsomba ku Domasi kapena kwa mlimi amene a zausodzi anamuvomereza. Ikafika, nsomba zokha ndizo zilowe m'damu, zochotsedwa ndi kaukonde, ndipo madzi obwera nawo pamodzi ndi timaudzu take zitayidwe pouma, kutali ndi mtsinje. Ukonde womwe wagwira ntchito kwina uyanikidwe padzuwa masiku angapo mpaka uume gwa, osati kuuvuula uko m'mawa n'kuuponya kuno madzulo. Mukakolola, phwetsani damu, liume mpaka matope ang'ambike, muthire laimu musanalowetse madzi ena. Udzu womera m'mbali mwake muzilambula, chifukwa ndi momwe nkhono zimabisala ndi kuikira mazira. Maluwa a m'madzi okongoletsera pakhomo, ngakhale akongole bwanji, asachoke ku Mangochi kapena ku Liwonde kubwera kuno.

Kwa a ng'ombe, udzu wa pamalo omwe madzi amaima ndi woopsa kuposa wa kumtunda. Ngati palibe kuchitira mwina, mwetani chapamwamba, kusiya tsinde lomwe linali m'madzi, ndipo muuyanike uume bwino musanaupereke, pakuti dzuwa limachepetsa tizilomboto. Ndowe zisakokolokere ku mtsinje. Mlangizi wa ziweto akuuzeni nthawi yomwetsa mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi, chifukwa si mankhwala onse a njoka za m'mimba amene amazipha, ndipo ena amafuna kuti mkaka usagulitsidwe kwa masiku angapo. Ana akamalandira mankhwala a likodzo a praziquantel kusukulu, musawabise kunyumba. Adye kaye chakudya, amwe. Mwana wotupa mimba kapena wotuluka magazi m'chimbudzi apite ku chipatala cha St Joseph's pa Nguludi kapena china chapafupi, ndipo muwauze adokotala madzi omwe amasambamo, ngakhale mkodzo wake uli woyera.

Ntchito ina ingagwiridwe ndi ife tomwe. Akatswiri opima DNA ndi ochepa, ndipo sangayende dambo lililonse la m'Chiradzulu. Amene amadziwa nkhono za pa dambo lake ndi mayi wa dimba, mnyamata womweta udzu, mlimi wa damu. Pa Nguludi pomwepa pali Catholic University of Malawi ndi sukulu ya anamwino ya St Joseph's, achinyamata ophunzira omwe angathe kuyenda m'timitsinje tozungulira mishoni kamodzi m'dzinja ndi kamodzi m'chilimwe, n'kulemba zomwe apeza. Mukaona nkhono yomwe simunaionepo, kapena yodziwika kale koma yachuluka modabwitsa, musaigwire ndi manja. Itoleni ndi supuni kapena kasefa, muiike m'kabotolo muli spiriti kuti DNA yake isawonongeke, mulembe pa kapepala ndi pensulo dzina la mudzi, la mtsinje ndi tsiku, ndipo mukapereke kwa mlangizi wa zausodzi, wa ziweto kapena wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti aitumize kwa oipima.